Kuuluka osaona kunja: mafunso ndi mayankho pa za IFR komanso kugwira ntchito ndi makontrola

Mafunso awa amabwerabwera. Ena amachokera kwa ana a sukulu omwe akulota zodzakhala mapayiloti, ena kwa omwe ali kale ndi PPL (laisensi ya payiloti wamba) ndipo akuganiza zokapanga instrument rating (chiphaso cholola kuuluka ndi mageji okha), ena ndi anthu basi omwe anakwera ndege tsiku la mvula nkumadabwa kuti kodi mkulu ali kutsogoloyo akuona chani poti pawindo pangoti mbuu. Mawu a pa wailesi ndawasiya mu Chingerezi chifukwa mlengalenga amanenedwa choncho.

Kodi IFR ndi chani kwenikweni?

Pali malamulo awiri oulukira. A VFR ndi oti payiloti aziona kunja, aziona pansi, mapiri, ndege zinzake, nkumadzipewera yekha. Kuti uuluke choncho nyengo iyenera kulola, nthawi zambiri uziona patali makilomita 5 ukakhala pansi pa mafiti 10,000 komanso utalikirane ndi mitambo. A IFR ndi oti ukhoza kulowa mumtambo momwemo osaona ngakhale nsonga ya phiko lako, ukudalira mageji, mapu a njira za mlengalenga ndi kontrola yemwe akukutalikitsa ndi ndege zina. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimayenda pa IFR pafupifupi nthawi zonse, kaya kunja kuli dzuwa loswa mtengo, nde musaganize kuti IFR ndi ya tsiku la mvula lokha.

Sizinayambe lero izi. Jimmy Doolittle ananyamuka, kuzungulira nkutera osaona kunja pa 24 September 1929 ku Mitchel Field ku New York, atamufunditsa chinsalu pampando wake.

Koma munthu sungamve m'thupi kuti ndege yapendama? Mageji ndi achani?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo anthu ambiri sakhulupirira mpaka ziwachitikire okha. Thupi limanama. Mkati mwa khutu muli timachubu ta madzi tomwe timauza ubongo kuti mutu watembenuka, koma timamva kuyamba ndi kusiya kwa kutembenuka kokha. Ukakhota pang'onopang'ono, kapena ukakhalitsa mukona yomweyo masekondi ngati 20, madzi aja amakhazikika ndipo ubongo umati tawongoka, pomwe ndege ikadali chopendama. Ukaiwongola zenizeni nde umamva ngati wapendamira mbali inayo, dzanja nkumafuna kuibweza mukona muja. Mukukumbuka tili ana tinkazungulirazungulira pabwalo kenako nkuima, dziko lonse nkumapitirizabe kuyenda? Ndi chizungulire chomwecho, kungoti ichi chimabwera mwakachetechete, sumadziwa kuti chakugwira.

Ndege yopendama imayamba kutsika. Payiloti akuona altimeter, geji yoonetsa kutalika komwe ali, ikutsika amakoka chiwongolero, koma poti mapiko sali olunjika kukokako kumangothinitsa kona, liwiro nkumakwera, ndege nkumazungulira ikulowera pansi. Mu 1954 a University of Illinois anayesa mapayiloti 20 omwe sanaphunzire za mageji, anawatseka kuti asaone kunja, onse ndege inawapulumuka, ndipo kugawa nthawi zawo zinapezeka kuti munthu amatha masekondi 178 basi. Mphindi zitatu zosakwana. John F. Kennedy Jr. anafa choncho pa 16 July 1999, usiku pamwamba pa nyanja pafupi ndi Martha's Vineyard, kunalibe ngakhale mkuntho, kunali mdima ndi kachifunga kobisa pomwe thambo lathera. Helikoputa ya Kobe Bryant mu January 2020 inalowa mumtambo, payiloti nkumauza kontrola kuti akukwera pomwe akutsika.

Palinso bodza lina la ponyamuka usiku. Liwiro likamakwera msanga thupi limamva ngati mphuno ya ndege yaloza mmwamba kwambiri, nde umafuna kuikankhira pansi. Usiku wopanda mwezi ukuloza ku nyanja ya Malawi, komwe kulibe magetsi kupatula tinyali ta asodzi a usipa tomwe tikhoza kuoneka ngati nyenyezi, ameneyo ndi IFR kale ngakhale kulibe mtambo ndi umodzi omwe.

Mageji ake ndi ati ndipo umayang'ana iti?

Ndege zakale zili ndi zisanu ndi imodzi zikuluzikulu, ya attitude yomwe imakuonetsa mmene mphuno ndi mapiko zakhalira, ya liwiro, altimeter, ya kukwera ndi kutsika, ya heading (mbali yomwe ndege yaloza) ndi ya kukhota. Zatsopano zonsezi zili pa sikirini imodzi koma nzeru yake sinasinthe. Maso sakhala pamodzi, amayamba pa attitude, kupita pa altimeter, kubwerera pa attitude, kupita pa heading, kubwereranso, osaima. Wophunzira aliyense amagwa mumsampha umodzi, kuyang'anitsitsa geji imodzi. Akulimbana ndi mafiti 100 omwe wataya, heading yathawa kale ndi madigiri 20.

Geji nayo imatha kunama, nchifukwa chake umaifananiza ndi zinzake. Ya liwiro imadalira kachubu kakang'ono kotchedwa pitot kali panja pa ndege, kakatsekeka ndi ayezi manambala amapenga, ndi momwe inayambira ngozi ya Air France 447 pa 1 June 2009 yomwe inapha anthu 228 pa nyanja ya Atlantic. Kwathu kuno mdani wina wa kachubu kameneka ndi mavu aja omanga ndi dothi. Ndege ikangogona masiku angapo panja osavindikira pitot, amakamangamo nyumba. Kansalu kofiira kolendewera kamene mumaona pa ndege yoimikidwa ntchito yake ndi imeneyo, ndipo kuiwala kukachotsa ndi vuto linanso.

Amaphunzira bwanji, amadikira tsiku la mitambo?

Ayi. Amakuveka magalasi opakidwa kumtunda kapena chipewa chotchinga, umangoona mageji okha, mphunzitsi ali pambali ndi amene akuyang'ana kunja. Pena amakuuza tseka maso, weramitsa mutu, iye nkuigwedeza ndege uku ndi uku mpaka m'mimba mwasokonezeka, kenako amvekere "you have control", ukatsegula maso upeza mphuno yaloza kumwamba liwiro likutha, kapena yaloza pansi itapendama, nde uiwongole ndi mageji basi thupi likukuwa zina. Tsiku lina amamata kapepala pa geji ya attitude kuti yafa, ona mmene uchitire.

Muyezo wa ICAO, bungwe la dziko lonse loona za maulendo a ndege, ndi maola 50 a maulendo ataliatali iwe uli mwini ndege, ndi maola 40 oulukira mageji, ena mwa amenewa amaloledwa mu simulator. Dziko lililonse limawonjezerapo zake. Palinso mayeso olemba, za nyengo, malamulo, navigation. Ambiri a kuchigawo chino amakaphunzira ku South Africa kapena ku Kenya, ndipo si zotchipa, osanamizana. Langizo langa, gwiritsani ntchito simulator mpaka itope, kuphunzira holding (kuzungulira mmwamba podikira) mundege yeniyeni injini ikumwa mafuta ndi kuwotcha ndalama.

Kontrola ndi amene amayendetsa ndege eti?

Sagwira chilichonse. Iye ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti ndege zisawombane komanso ziyende mwadongosolo, payiloti ndi amene ali ndi mawu omaliza pa chitetezo cha ndege yake. Komanso si munthu mmodzi. Pabwalo lalikulu umayamba ndi wa clearance wopereka chilolezo cha ulendo, kenako wa ground yemwe amakuyendetsa pansi, wa tower wa pa runway, wa approach woyang'anira zokwera ndi zotsika pafupi ndi bwalo, nkumaliza ndi wa area wa mmwamba. Pabwalo laling'ono munthu mmodzi amatha kusenza zingapo. Thambo nalo linagawidwa, la Malawi limatchedwa Lilongwe FIR, ukamapita ku Johannesburg amakupereka kwa a Beira, pena a Harare, mpaka ufike kwa a Johannesburg, aliyense amakupatsa frequency ya mnzake.

Bwanji payiloti amabwereza zomwe wauzidwa, sanamve?

Wamva, koma kontrola akufuna amve zomwe iwe wamva. Tinene uli pa Kamuzu International Airport, cholembera kumanja, kabolodi kali pabondo. Kontrola amatchula komwe waloledwa kupita, njira, level (kutalika) yoyamba kukwera, ndi squawk, manambala anayi oika pa transponder, kachipangizo kozindikiritsa ndege yako pa rada, zonse mpweya umodzi. Ozolowera amalemberatu zomwe akuyembekezera nkumangokonza zasintha. Ukamaliza umabwereza zonse, callsign yako (dzina la ndege pa wailesi) kumapeto, iye akati "readback correct" nde mwagwirizana. Level, heading, liwiro, QNH (nambala yoika pa altimeter), runway, squawk, chilolezo chonyamuka, chotera, chodutsa kapena kuima usanafike pa runway, zonsezi kungoyankha "roger" nkosaloledwa.

Zinafika pokhwima chonchi chifukwa cha maliro. Pa 27 March 1977 ku Tenerife, ma Boeing 747 awiri a KLM ndi Pan Am anawombana pa runway muchifunga, anthu 583 anafa. A KLM anayamba kuthamanga akuganiza kuti aloledwa, a Pan Am akadali pa runway pomwepo, ndipo mawu omwe akanawapulumutsa anaphimbika chifukwa awiri anayankhula pa wailesi nthawi imodzi. Kuchokera apo mawu oti "take-off" amatchulidwa pokhapokha chilolezo chikuperekedwa kapena kuchotsedwa, nthawi ina yonse timati "departure".

Msampha wina ndi kumva zomwe umayembekezera. Tsiku lililonse amakupatsa level yomweyo, lero wasintha, khutu nkumvabe yakale.

Nanga ngati sindinamve, kapena zomwe wandiuza sindingakwanitse?

Funso ili ndilikonda chifukwa ife tili ndi vuto lathulathu. Tinaleredwa kuti wamkulu akayankhula suyankhira, umati chabwino bambo ngakhale sunamve, ukafunsa kawiri ndiwe wogontha kapena wamwano. Pansi pano ulemu umenewo ndi wabwino, pa wailesi umapha. Mawu a kontrola amamveka aulamuliro, akuthamanga, ndege zina zisanu zikudikira, nde payiloti wachinyamata amachita manyazi kunena kuti sanamve, amangobwereza zomwe akuganiza kuti ndi zomwezo. Akulu anati safunsa anadya phula. "Say again" ndi mawu awiri basi ndipo makaputeni a tsitsi la imvi amawanena tsiku ndi tsiku. Akuthamanga kwambiri, "speak slower". Ukukayika, "confirm". Manja atanganidwa, "standby", ndege iyambe yaongoka kaye, wailesi imabwera pomaliza.

Ndipo pali "unable". Kontrola akakupatsa heading yoloza mumtambo wa mabingu, kapena kukuuza utsike msanga kuposa mmene ndege ingathere, umati "unable" nkunena chifukwa ndi zomwe ungathe, monga "unable due weather, request heading two seven zero". Sakwiya, bola wadziwa msanga akonze pulani ina. Chomwe amadana nacho ndi munthu wovomera kenako nkuchita zina.

Pitani mukaone nkhani ya Avianca 52. Pa 25 January 1990, Boeing 707 yochokera ku Colombia inazunguliridwa mu holding kupitirira ola ikupita ku New York. Mafuta akutha, oyendetsa anapempha "priority", ananenanso kuti mafuta akuwathera, koma mawu oti emergency kapena mayday sanatuluke pa wailesi. Atalephera kutera koyamba kontrola anawauza kuti awatengera patali ndithu asanawabweze, nkufunsa ngati zili bwino ndi mafuta awo, yankho linali "I guess so, thank you very much." Patangopita mphindi zochepa mainjini onse anayi anazima, anthu 73 anafa. Munthuyo anathokoza mwaulemu ali ndi matanki ouma.

Nde mawu alipo okonzedwa kale. "Minimum fuel" kutanthauza kuti sindingalandirenso kuchedwa kwina. "Pan-pan" katatu pa vuto lofunika changu koma moyo sunafike pachiswe. "Mayday" katatu zikafika poipa, pamodzi ndi 7700 pa transponder. Ukanena mayday thambo lonse limakupatukira, ndipo kulemba lipoti mawa lake si chinthu choopa.

QNH yomwe amatchula nthawi zonse ndi chani?

Altimeter siyeza mtunda kuchoka pansi, imayeza kulemera kwa mpweya, ndipo mpweya umasintha tsiku ndi tsiku, malo ndi malo. QNH ndi nambala yomwe umaika kuti altimeter ikuuze zoona za kutalika kwako kuchokera pa nyanja yamchere. Ukaika bwino uli pansi ku Lumbadzi iwerenga mafiti 4,000 ndi kakumwamba pang'ono, ku Chileka cha mma 2,500. Ukakwera kupitirira kutalika koikika kotchedwa transition altitude aliyense amaika 1013 mmalo mwa QNH kuti onse aziwerenga mofanana, nchifukwa chake mmwamba timati flight level.

QNH imawerengedwa mu ma hectopascal, ndipo hectopascal imodzi ndi mafiti pafupifupi 28, nde kulakwitsa ndi 10 ndi mafiti 280. Mu May 2022 Airbus A320 ikutera ku Paris Charles de Gaulle mumvula inapatsidwa 1011 mmalo mwa 1001, oyendetsa analandira osaifananiza ndi yomwe anali nayo kale, ndege inatsika mpaka kutsala mafiti 6 kuti igunde pansi runway isanafike. Anakweranso osadziwa nkomwe kuti zinafika pamenepo. Wolakwitsa poyamba anali kontrola, nde kubwereza bwino sikukwanira, uzidzifunsanso ngati nambalayo ikumveka.

Komwe kulibe rada amadziwa bwanji komwe uli?

Umamuuza. Madera ambiri a mu Africa komanso pamwamba pa nyanja zikuluzikulu kontrola sakuona, amadalira malipoti ako, uli pa point yakuti, nthawi yakuti, level yakuti, point yotsatira ukafika nthawi yakuti. Iye amalemba nkumasiyanitsa ndege ndi nthawi, mphindi 10 kapena kuposa, pomwe wa rada amangofuna mamailosi 5. Ndiye estimate yako ikasintha ndi mphindi zoposa ziwiri umuuze, usangokhala chete. Palinso lamulo la malevel, wopita chakummawa amatenga oti manambala awiri oyambirira ndi osagawika pawiri monga 330 ndi 350, wakumadzulo 340 ndi 360. Mmadera ena a Africa mapayiloti amaulutsanso malo awo pa frequency ya 126.9 kuti azimvana okhaokha. Zimaoneka zachikale koma mu September 1997 ndege ya asilikali a Germany ndi ya asilikali a America zinawombana kufupi ndi gombe la Namibia, thambo lonse lija lili pululu, anthu 33 anafa.

Kompyuta ya mundege ikati kwera, kontrola akuti tsika, umvera ndani?

TCAS, kompyuta yochenjeza ndege zikafuna kuwombana. Palibe zokambirana. Ku Überlingen pa 1 July 2002 ndege imodzi inamvera TCAS nkutsika, inayo TCAS inati kwera koma anamvera kontrola nkutsikanso, anawombana, anthu 71 anafa. Masiku ano umachita zomwe makina anena nkumuuza kontrola "TCAS RA", iye amasiya kukulamula mpaka unene kuti zatha.

Kutera kunja kusakuoneka kumatheka bwanji?

Bwalo lililonse lokhala ndi instrument approach lili ndi pepala lake, njira yolowera, mafiti oyenera pa malo aliwonse, potsikira pomaliza, ndi chochita ukalephera. Umaliwerenga ukadali mmwamba zinthu zisanatanganike. Yodalirika kwambiri ndi ILS, mawailesi awiri ali pansi, ina imakuuza ngati uli kumanja kapena kumanzere kwa mzere wa pakati pa runway, ina ngati uli pamwamba kapena pansi pa njira yotsetsereka ya madigiri 3. Madigiri 3 amenewa ndi mafiti ngati 300 pa mailosi iliyonse, ndipo kasamu kake nkosavuta, liwiro lako kuchulukitsa ndi 5, ma knot 120 ndiye kuti uzitsika mafiti 600 pa mphindi. Usanaikhulupirire umamvetsera kaye Morse yake, tizizindikiro tomwe imaliza totchula dzina lake, ngati ilidi siteshoni yomwe ukufuna.

Mmene zimakhalira nde izi. Pawindo pali poyera ngati mkaka, mvula ikumenya galasi, singano ziwiri zapingasana pakati ndipo ukuzisunga pomwepo ndi tizikonza ting'onoting'ono, madigiri awiri uku, awiri uko, chifukwa ukamayandikira singano zimachita ukali. Mnzako akuti "one thousand", kenako "five hundred", kenako "hundred above". Pa ILS wamba malire ndi mafiti 200 kuchoka pansi, pa liwiro limenelo kwatsala masekondi ngati 20 kuti matayala agunde. "Minimums." Ukadzutsa maso mwina uona magetsi a approach akutuluka muchifunga mmodzimmodzi, nde pitiriza. Ukapanda kuona kanthu, mphamvu zonse, mphuno mmwamba, "going around", osati tiyeni titsikeko pang'ono mwina tiona. Kapang'ono kameneko kakwirira anthu ambiri.

Ma approach a VOR ndi NDB, masiteshoni ena a wailesi a pansi oongolera ndege, sakupatsa njira yotsetsereka nde malire ake amakhala okwera. A GPS otchedwa RNP akufala chifukwa safuna zida zodula pansi, kwa mabwalo ang'onoang'ono ngati athuwa ndi chinthu chabwino zedi.

Tinangotsala pang'ono kutera kenako ndege inakweranso, payiloti analephera?

Anachita ntchito yake. Mwina sanaone runway, mwina mphepo inasintha, mwina panali ndege ina isanachoke, mwina pofika mafiti 1,000 liwiro linali lisanakhazikike. Muwombereni mmanja.

Nanga kuzungulirazungulira mmwamba, kapena kukatera bwalo lina?

Kuzungulirako ndi holding, malo odikirira. Nthawi zambiri umakhotera kumanja, mphindi imodzi mbali yowongoka ukakhala pa mafiti 14,000 kapena pansi, mphindi imodzi ndi theka ukakhala pamwamba. Ophunzira amavutika ndi kalowedwe kake, pali njira zitatu malinga ndi komwe ukuchokera, koma chenicheni mu holding si kujambula bwino, ndi mafuta. Ulendo wa IFR umanyamuka ndi mafuta ofikira komwe ukupita, okafikira bwalo lina lomwe unasankhiratu, kuphatikiza osakhudza, mphindi 30 pa jeti, 45 pa ya pisitoni. Ukangolowa mu holding umafunsa kontrola nthawi yomwe akuyembekeza kukulowetsa, nkuwerengera kuti ikakwana nthawi yakuti ndikuchoka. Nambala imeneyo uipange mutu ukadali wozizira. Apaulendo adandaula kuti timafuna Blantyre mwatisiya ku Lilongwe, maliro atipitirira, abwana akutidikira, zonsezo nzoona koma sizilowa mu samu.

Wailesi ikafa uli mumtambo?

Yamba ndi zopusa, volume, waya wa headset, frequency yomwe unachoka, wailesi yachiwiri, frequency ya pangozi ya 121.5, kapena pempha ndege ina ikuperekere uthenga. Zikakanika ika 7600 pa transponder, kutanthauza kuti wailesi yafa. Ngati uli poyera ukuona pansi, katere pabwalo loyenera lapafupi nkuimba foni. Ngati uli mumtambo, malamulo a ICAO amati sunga level ndi liwiro lomaliza kwa mphindi 7 komwe kuli rada, 20 komwe kulibe, kenako tsata flight plan yako mpaka kukafika, chifukwa kontrola naye akuwerenga buku lomwelo nkumakuchotsera ndege panjira. Pa tower ali ndi nyali, yobiriwira yosaphethira ndiye kuti tera. Chenjerani ndi 7500, imeneyo ndi ya kuti ndege yabedwa, mukaika molakwitsa mukalandiridwa ndi anthu a mfuti.

Nyengo ya kwathu kuno imavuta pati?

Ayezi ndi chipale si nkhani yaikulu pansi, koma tili ndi zathu. Dzinja, kuyambira November mpaka cha mma April, mitambo ya mabingu imakula masana mpaka kupitirira pomwe jeti imauluka, mkati mwake muli matalala ndi mphepo yokwera ndi yotsika yoti ikhoza kuthyola ndege. Instrument rating si chilolezo cholowa mmenemo, umailambalala ndi mamailosi 20 ngati nkotheka, ndipo upemphe kupatuka msanga osati wafika kale pakhomo pake. Nthawi yozizira kuli chiperoni, mitambo yotsika ndi kamvula kowaza kumapiri a kummwera ndi malo ena okwera. September ndi October utsi wa moto wa tchire umaphimba thambo, pansi pomwe uli ukuona koma kutsogolo kulibe mzere wa thambo, ukuuluka ndi mageji osadziwa.

Kenako mapiri. Sapitwa ndi mamita 3,002, Zomba, Dedza, Viphya, Nyika, onsewa amabisala mumtambo. Papepala la approach pali kabwalo kolembedwa MSA, kutalika komwe kumakupatsa mafiti 1,000 pamwamba pa chilichonse mkati mwa mamailosi 25. Ukasokonezeka komwe uli, kwera ufike pamenepo kaye, zoganiza pambuyo. Ndipo komwe kontrola sakukuona pa rada, kupewa phiri ndi udindo wako wekha, iye akhoza kukuloleza kutsika koma phirilo sakuliona.

Za ngozi ya ku Chikangawa zikukhudzana ndi zimenezi?

Ambiri amafunsa, ndipo ndi bala lomwe silinapole. Pa 10 June 2024 Dornier 228 ya asilikali inagwa ku Chikangawa pa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, anthu onse 9 anamwalira kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima. Lipoti lomaliza la akatswiri a ku Germany a BFU, lomwe linatuluka mu 2025, linati ndegeyo inkauluka pa malamulo a VFR, inalowa munyengo yosaoneka kunja ili mmunsi, nkugunda malo okwera. Linanenanso kuti munalibe makina ojambula mawu kapena kayendedwe ka ndege.

Kumbali ya kaulukidwe, mtundu wa ngozi umenewu ndi wodziwika padziko lonse ndipo umagwira ngakhale odziwa ntchito. Mtambo ukutsika, iwe nkumatsika nawo kuti uzionabe pansi, pansi napo pakukwera, mpata nkumachepa mpaka kutha. Zomwe timaphunzitsidwa ndi kusankha msanga, bwerera ukadali poyera, kapena ngati ndege ndi iwe muli ndi zoyenereza, mapiko olunjika, kwera kupitirira mapiri onse a dera limenelo, uza kontrola zomwe zachitika nkupempha IFR. Choopsa ndi kukhala pakati, theka maso ali panja kusaka pansi, theka pa mageji.

Masiku ano si autopilot ndi GPS zimapanga zonse?

Zimathandiza kwambiri, makamaka ukakhala wekha mundege, ukulemba clearance, kusintha frequency, kuwerenga pepala. Koma autopilot imachita zomwe waiuza osati zomwe umafuna, ukaika level yolakwika ikakufikitsa kumeneko mosalala bwino. Imazimanso yokha mageji akasemphana, nthawi yomwe ukuifunitsitsa. GPS nayo ikusokonezedwa dala mmadera a nkhondo, cha ku Black Sea, Baltic ndi Middle East, nde VOR ndi luso la manja sizinathe ntchito. Kutera kwa makina okhaokha kulipo koma kumafuna bwalo la zida zake ngati Heathrow, ndege yake, ndi oyendetsa ophunzitsidwa mwapadera.

Chingerezi changa si chakuthwa, ndingakwanitse?

Safuna cha ku yunivesite. Kuyambira 2008 ICAO imafuna Level 4 kwa mapayiloti ndi makontrola a maulendo odutsa malire, ndipo umayesedwanso pakapita zaka zitatu kapena zinayi malinga ndi dziko. Kamvekedwe ka kwanu si mlandu bola uzimveka. Ife chotivuta ndi r ndi l, "right" ndi "light", "left" osavuta, nde yesererani. Phunzirani Alfa, Bravo, Charlie mpaka muzilota, ndege za ku Malawi zimayamba ndi Seven Quebec, za ku Zambia Niner Juliett. Musanadine batani dziwiranitu zomwe munene, mukuitana ndani, ndinu ndani, muli pati, mukufuna chani. Zoti eeh, aah mutadina batani zimatsekera ena onse.

Ndikapeza rating ndiye kuti basi mpaka kale?

Ayi ndithu, luso ili limachita dzimbiri msanga kuposa lina lililonse. Ku South Africa ndi ku Ulaya umayesedwanso chaka chilichonse. Ku America amafuna ma approach 6, holding ndi kutsata njira za mawailesi mkati mwa miyezi 6 yapitayo, apo ayi sulowa mumtambo. Koma zimenezo nzapapepala. Munthu wongotenga kumene rating asayambe ndi tsiku la mafiti 200, adziikire malire ake, kaya mitambo ya mafiti 1,000, nkumatsitsa pang'onopang'ono akamazolowera, ndipo ulendo woyamba wa mumtambo weniweni atenge mphunzitsi kapena mnzake wozolowera, chifukwa magalasi a kusukulu aja amasiyabe kampata pambali komwe diso limaba kuwala. Mukapeza mwayi pemphaninso kukacheza pa tower kapena ku approach tsiku lotanganidwa, mukaone mmene munthu mmodzi amasungira ndege zingapo mmutu, mafoni akulira, wina sakuyankha, wina wabwereza level yolakwika. Zimafunika kupempha chilolezo pasadakhale kudzera ku sukulu yanu kapena kwa oyang'anira bwalo, ndipo nyamulani chiphaso.